Siteshoni ya Gants Hill ku London: Mafunso ndi Mayankho

Kum'mawa kwa London, m'dera la Redbridge, kuli siteshoni ya sitima zapansi panthaka yotchedwa Gants Hill. Imathandiza anthu okhala kumpoto kwa Ilford, amene amalawirira kupita kuntchito m'kati mwa mzinda n'kubwerera madzulo. Abale athu amene abwera kudzagwira ntchito m'zipatala ndi m'nyumba zosamalira okalamba, ophunzira, ngakhalenso makolo odzaona zidzukulu, amafunsa mafunso ofanana akangofika kuderali. Ndawaika pamodzi pano kuti munthu asamachite mantha ndi sitima imene iyenera kumupeputsira moyo.

Ndafika pa Gants Hill koma sindikuona nyumba ya siteshoni. Ili pati?

Ili pansi pa mapazi anu. Siteshoniyi ilibe nyumba kumtunda ayi. Yonse inakumbidwa pansi pa raundabauti yaikulu pamene pamakumana misewu ya Eastern Avenue, Cranbrook Road ndi Woodford Avenue. Yang'anani chizindikiro cha bwalo lofiira lokhala ndi mzere wabuluu pakati, cholembedwa kuti Underground. Pafupi nacho pali masitepe otsikira pansi. Makomo otere alipo mbali zingapo za raundabautiyo, ndipo onse amakakumana pamalo amodzi pomwe pali makina ogulitsira matikiti ndi mageti olowera.

Potuluka mpamene alendo ambiri amasokonezeka, chifukwa mukalakwitsa khomo mumatulukira tsidya lina la msewu wa magalimoto othamanga. Musanakwere masitepe, werengani zikwangwani za pakhoma. Zimatchula msewu umene khomo lililonse likutulukira komanso komwe kuli mabasi. Ngati wina akukudikirani, mufunseni dzina la msewu, osangoti "tikumana pa siteshoni".

Pa masiteshoni onse a London amene ali pansi panthaka kwathunthu, Gants Hill ndi imene ili kum'mawa kwambiri.

Ndi sitima iti imene imadutsa pamenepa?

Ndi ya njanji ya Central, yojambulidwa ndi mtundu wofiira pa mapu. Palibe njanji ina, choncho pochoka pa Gants Hill vuto silikhalapo: pulatifomu imodzi ndi ya sitima zolowera kumadzulo, m'kati mwa mzinda, inayo ndi ya zopita ku Newbury Park, Barkingside, Fairlop mpaka ku Hainault.

Pobwerera kunyumba mpamene pafunika maso. Njanji ya Central ikafika pa Leytonstone imagawikana pawiri. Nthambi imodzi imalowera kumpoto, kudzera ku Snaresbrook, South Woodford ndi Woodford mpaka ku Epping. Inayo ndiyo yathu, yodzera ku Wanstead, Redbridge, Gants Hill ndi Newbury Park. Sitima zonse ziwirizi zimaima pa pulatifomu imodzimodzi m'tauni, zimaoneka mofanana, ndipo kuno kulibe oyitanira ngati pa siteji ya minibasi oti akuuzeni kuti iyi ikupita kwakuti. Muyenera kuwerenga nokha chikwangwani chamagetsi chopachikidwa pa pulatifomu, kapena dzina lolembedwa kutsogolo kwa sitima.

Kwerani yolembedwa kuti "Hainault via Newbury Park" kapena "Newbury Park". Yolembedwa Epping, Loughton kapena Debden sidutsa pa Gants Hill. Chenjeraninso ndi mawu akuti "via Woodford": sitima imeneyo imazungulira mbali inayo.

Ngati mwakwera yolakwika, musataye mtima. Tsikani pa Leytonstone ndi kudikira yotsatira. Anthu ambiri ozolowera amachita dala zimenezi: amakwera sitima iliyonse yoyamba kubwera, n'kukasintha pa Leytonstone. Ngati mwazindikira mutapitirira kale, tsikani pa Snaresbrook, wolokerani ku pulatifomu inayo, mubwerere siteshoni imodzi.

Zimatenga nthawi yaitali bwanji kukafika m'tauni?

Kukafika ku Stratford ndi mphindi zoposa khumi pang'ono, ku Liverpool Street pafupifupi mphindi 20, ndipo ku Oxford Circus pafupifupi theka la ola. Musadabwe kuona kuwala kwa dzuwa panjira. Sitima imatulukira kumtunda isanafike pa Leytonstone, imadutsa Leyton ili panja, kenako imalowa ndi kutuluka mpaka pa Stratford, n'kumira kotheratu kulowera ku Mile End.

Ndilipira bwanji?

Njira zodziwika ndi ziwiri. Yoyamba ndi khadi la Oyster, limene linayamba mu 2003. Mumaligula pa makina a pa siteshoni kapena m'timasitolo tokhala ndi chizindikiro chake, n'kumaikamo ndalama. Yachiwiri ndi khadi lanu la kubanki longogunditsa, kapena foni imene munalumikiza ndi khadilo. Njira imeneyi inayamba kugwira ntchito pa sitimazi mu 2014. Mtengo wa munthu wamkulu ndi wofanana pa njira ziwirizi. Tikiti yapepala ya ulendo umodzi ilipobe pa makina, koma ndi yodula kwambiri moti sindingalangize aliyense kuigula.

Lamulo lake ndi limodzi: gunditsani khadi pa kabwalo kachikasu polowa, gunditsaninso potuluka, ngakhale mutapeza geti lili lotsegula. Makinawo amawerengera mtengo poona pomwe mwalowera ndi pomwe mwatulukira. Mukaiwala mbali imodzi amakudulani mtengo wokwera zedi, ngakhale kuti mukhoza kupempha kuti akubwezereni kudzera pa intaneti.

Zinthu ziwiri zimadya ndalama za anthu mosadziwa. China ndi kugunditsa chikwama chonse cha makhadi, makina n'kutola khadi ili polowa, lina potuluka. China ndi kulowa ndi foni n'kutuluka ndi khadi lenilenilo. Ngakhale akaunti ya kubanki ili imodzi, makina amaziona ngati zinthu ziwiri zosiyana. Sankhani chimodzi, mugwiritse chomwecho tsiku lonse. Phindu lake n'lakuti pali malire a ndalama zimene munthu angalipire pa tsiku, komanso pa sabata kuyambira Lolemba kufika Lamlungu. Mukafika pamalirewo, maulendo otsalawo simulipiranso, koma zimatheka pokhapokha ngati maulendo onse ali pa khadi limodzi.

Gants Hill ili mu Zone 4, pamene pakati pa mzinda ndi Zone 1. Mtengo umatengera zigawo zimene mwadutsa, ndipo ulendo wosakhudza Zone 1, monga wa ku Stratford, ndi wotsikirapo kwambiri. Mitengo imasintha kawirikawiri m'mwezi wa Malichi, choncho yang'anani ya lero pa tsamba la Transport for London, bungwe limene limayendetsa sitima ndi mabasi a mumzindawu, lomwe anthu amangoti TfL.

Mawindo ogulitsira matikiti anatsekedwa m'masiteshoni ambiri mu 2015. Koma antchito alipo, amaima pafupi ndi mageti atavala yunifolomu. Afunseni. Ndi ntchito yawo kukuthandizani pa makinawo, ndipo sadabwa ndi mlendo.

Khadi langa la banki ya kumudzi lingagwire?

Makhadi ambiri akunja a Visa ndi Mastercard ongogunditsa amagwira. Koma banki yanu ikhoza kumakudulani kena kake posintha ndalama, kapena khadilo likhoza kukanidwa chifukwa cha malire a ndalama zakunja. Kukanidwa pa geti m'mawa anthu atandandama kumbuyo kwanu si chinthu chosangalatsa. Kwa mlendo wa masabata ochepa, makamaka makolo, Oyster ndi yabwino: mwana wawo amawaikiramo ndalama, iwo n'kumangogunditsa.

Munthu aliyense wamkulu akhale ndi khadi lakelake. Simungalowetse anthu awiri pa khadi limodzi.

Nanga ana amalipira?

Ana osakwana zaka 11 amayenda ulere akakhala ndi munthu wamkulu amene walipira, mpaka ana anayi. Dutsani nawo pa geti lalikulu lija la anthu a katundu ndi a ma pulemu, chifukwa mageti ang'onoang'ono amatseka msanga. A zaka 11 mpaka 15 amafunika khadi la Zip lokhala ndi chithunzi chawo. Limawapatsa mtengo wa ana pa sitima, ndipo pa basi salipira.

N'chifukwa chiyani ulendo womwewo ndimalipira mosiyana masiku ena?

Ndi nthawi imene mwalowera. Kuyambira Lolemba mpaka Lachisanu, kuyambira 6:30 mpaka 9:30 m'mawa komanso 4 koloko mpaka 7 koloko madzulo, mtengo umakwera chifukwa ndi nthawi ya chipwirikiti. Nthawi zina zonse, kuphatikizapo Loweruka, Lamlungu ndi masiku atchuthi, umatsika. Chimene makina amaona ndi nthawi imene mwagunditsa polowa, osati yotulukira.

Kwa ogwira ntchito usiku pali kabwino kamene ambiri sakadziwa. Ngati mukuchokera kunja kwa Zone 1, monga pa Gants Hill, n'kukatsikira m'kati mwa Zone 1 m'maola amadzulo aja, mumalipira mtengo wotsika, poti mukuyenda mosemphana ndi khamu la oweruka.

Bwanji nditadutsa osalipira?

Musayese. Chindapusa chake ndi mapaundi 100, chimatsika kufika pa 50 mukalipira pasanathe masiku 21, ndipo nkhani ikhoza kukafika kukhoti. Kugwiritsa ntchito khadi la mwana, la wophunzira kapena la wokalamba lomwe si lanu ndi mlandu womwewo. Kwa munthu amene akukhala m'dziko muno ndi viza, mbiri ya kukhoti ikhoza kudzamuvutitsa pokonzetsa mapepala. Ndalama ya ulendo umodzi siyingafanane ndi zimenezo.

Holo ya pansi ija ndi yokongola mosiyana ndi masiteshoni ena. Inabwera bwanji?

Funso ili ndimalikonda. Mukatsika masitepe oyenda okha aja, simufikira m'kanjira kopanikiza monga zimakhalira m'masiteshoni ambiri akale a London. Mumafikira m'holo yaitali, yotakasuka, ya denga lopindika, yokhala ndi zipilala zamakonamakona zokutidwa ndi matailosi mbali zonse ziwiri. Pakati pake pandandalikidwa mabenchi ndi nyale zazitali zimene zimaponya kuwala kudenga, kuwalako n'kubwerera pansi mofatsa. Mukadutsa pakati pa zipilalazo kumanja kapena kumanzere, mwafika kale pa pulatifomu. Mukakhala ndi mphindi, yang'anani wotchi ya pa pulatifomu. M'malo mwa manambala ili ndi tizizindikiro ta Underground tozungulira.

Amene anajambula mapulani ake ndi Charles Holden, katswiri yemwe anagwira ntchito ndi Frank Pick, mkulu wa zamaulendo mu London m'zaka za m'ma 1930. Holden ndi amenenso anajambula masiteshoni a Sudbury Town, Arnos Grove ndi Southgate pa njanji ya Piccadilly, komanso Wanstead ndi Redbridge zoyandikana nafe. Pa nthawiyo akatswiri a ku London anapereka uphungu kwa a ku Moscow pamene ankamanga sitima zawo zapansi panthaka, zomwe zinatsegulidwa mu 1935. A ku Moscow anamanga masiteshoni okhala ndi maholo akuluakulu pakati pa mapulatifomu awiri, ndipo maganizo amenewo anabwerera ku London kudzaonekera pa Gants Hill. N'chifukwa chake anthu okonda zomangamanga amachita kuyenda ulendo kudzaijambula.

Chimene chimandigwira mtima ine n'chakuti holo imeneyi sanaimange pafupi ndi nyumba ya mfumu kapena kumene kumafika alendo oona malo. Anaimangira makalaliki, anamwino ndi ogulitsa m'sitolo a kunja kwa mzinda, anthu ongodutsa popita kuntchito. Ndipo kukongolako kuli ndi ntchito yake: sitima ziwiri zikafika nthawi imodzi, khamu limamwazikana m'holomo m'malo mopanikizana pa kakhomo kamodzi.

Ndinamva kuti munali fakitale nthawi ya nkhondo. N'zoona?

N'zoona. Nkhani yake imayambira m'zaka za m'ma 1920, pamene msewu wa Eastern Avenue unamangidwa ndipo minda ya kuderali inayamba kusanduka makwalala a nyumba. Anthu anachuluka, koma njira yopitira m'tauni inali ya mabasi kapena sitima zamalasha zodzaza zodzera ku Ilford. Mu 1935 panakhazikitsidwa dongosolo lalikulu lokuza njanji za London, lotchedwa New Works Programme, ndipo mbali imodzi inali kutalikitsa njanji ya Central kuchokera ku Liverpool Street kupita kum'mawa. Ngalande zochokera ku Leytonstone kulowera ku Newbury Park zinakumbidwa motsatira Eastern Avenue.

Nkhondo yachiwiri ya padziko lonse itabuka mu 1939, ntchitoyo inaima ngalande zitakumbidwa kale koma sitima zisanayambe kuyenda. Kampani ya Plessey, yomwe fakitale yake ya ku Ilford inaphulitsidwa ndi mabomba a ndege za Germany, inasamutsira ntchito yake pansi pano. Kuyambira mu 1942 mpaka nkhondo itatha, ngalande za pakati pa Leytonstone ndi Gants Hill, mtunda wa makilomita pafupifupi anayi, zinali fakitale yopanga zipangizo za ndege zankhondo. Munkagwira ntchito anthu masauzande, ambiri mwa iwo amayi, mosinthana usana ndi usiku. Makina anandandalikidwa m'mbali mwa ngalandezo, ndipo kanjanji kakang'ono kankanyamula katundu kuchokera uku kupita uko. Antchito ankalowera pa masiteshoni atatu osamalizidwa aja, Wanstead, Redbridge ndi Gants Hill.

Masiteshoni ena a njanji yomweyi anasanduka pobisalira mabomba. Pa Bethnal Green, pa 3 Malichi 1943, anthu 173 anafa ataponderezana pa masitepe pothamangira kukabisala. Mukadutsa pamenepo, kunja kwa siteshoni kuli chikumbutso chawo.

Nkhondo itatha anachotsa makina, anayala njanji, ndipo Gants Hill inatsegulidwa pa 14 Disembala 1947. Sitima zinafika ku Hainault chaka chotsatira.

Kodi pali chikepe? Mayi anga amavutika miyendo.

Palibe, ndipo ichi ndi chilema chachikulu cha siteshoniyi. Kuchokera pa mageti kutsikira kuholo kuli masitepe oyenda okha, koma kuchokera mumsewu kufika pa pulatifomu kulibe njira yoti munthu wa pa njinga ya olumala adutse yekha. Dera lino muli okalamba ambiri ndi mabanja a ana aang'ono, ndipo ine ndimaona kuti siteshoni yodzaza chonchi imayenera kukhala m'gulu la zoyamba kuikidwa chikepe. Kuika chikepe pa siteshoni yakuya, yomwe pamwamba pake pali raundabauti, n'kodula ndiponso n'kovuta, zimenezo n'zomveka. Koma kwa gogo amene waima pamwamba pa masitepe ndi ndodo m'manja, kufotokoza kumeneko sikumutsitsa.

Pakadali pano njira zilipo ziwiri. Newbury Park, siteshoni yotsatira kum'mawa, inaikidwa zikepe mu 2018, ndipo mabasi oyenda mu Eastern Avenue amakufikitsani. Kapena kwerani basi yotsika ndi Cranbrook Road kupita ku Ilford, komwe kuli njanji ya Elizabeth. Masiteshoni ake onse ali ndi njira yopanda masitepe kufika pa pulatifomu, sitima zake n'zotakasuka ndiponso n'zozizira bwino. Mabasi onse a London ali ndi khomo lotsika ndi malo a njinga ya olumala.

Ngati amayiwo amatha kuyenda koma amaopa masitepe oyenda okha, poti ena amakhala akuwaona koyamba, musawakakamize nthawi ya chipwirikiti. Pitani nawo masana, inu mutsogole potsika kuti mukhale kumunsi kwawo, agwire chogwirira chakumanja, ndipo muwauze aponde pakati pa sitepe. Chitenje kapena diresi lalitali alikweze pang'ono kuti lisakodwe m'mphepete. TfL imaperekanso ulere baji yabuluu yolembedwa kuti "Please offer me a seat" kwa amene kuima kumawavuta, ndi ina ya amayi oyembekezera.

Ndikutera pa bwalo la ndege la Heathrow ndi masutikesi awiri. Ndifika bwanji?

Heathrow ili kumadzulo, Gants Hill kum'mawa, ndiye mudutsa mzinda wonse. Njira yotchipa ndi njanji ya Piccadilly mpaka pa Holborn, n'kusinthira ya Central. Koma ndi masutikesi a makilogalamu 23 awiri mutatopa ndi ulendo wodzera ku Addis Ababa kapena ku Nairobi, masitepe a pa Holborn adzakutopetsani kawiri. Yodulirapo koma yopepuka ndi njanji ya Elizabeth, yomwe inatsegulidwa mu Meyi 2022. Kwerani yopita ku Shenfield, kapena musinthe pa Whitechapel ngati mwakwera ya ku Abbey Wood, mutsike pa Ilford, kenako basi kapena takisi ya mtunda waufupi. Njira iliyonse, werengerani ola limodzi ndi theka.

N'chifukwa chiyani m'sitimamu mumatentha ndi kusokosa chonchi?

Ngalande za njanji ya Central n'zopapatiza, ndipo za pakati pa mzinda zinatsegulidwa kale mu 1900. Kutentha kwa mabuleki ndi injini kwakhala kukulowa m'dothi lozungulira kwa zaka zambiri, ndipo sitima zake, zomwe zinayamba kuyenda m'zaka za m'ma 1990, zilibe makina oziziritsa. Miyezi ya Juni mpaka Ogasiti nyamulani botolo la madzi. M'nyengo yozizira valani zovala zoti mukhoza kuvula pamwamba, chifukwa mumsewu mudzanjenjemera koma pofika pa siteshoni ya Bank m'tauni thukuta lili kamukamu. Mukamva chizungulire, tsikani pa siteshoni yotsatira n'kuuza wantchito. Kuimitsa sitima pakati pa ngalande kumangochedwetsa thandizo.

Phokoso ndi la mawilo pa njanji, makamaka pamakona. Ana aang'ono ena amalira nalo tsiku loyamba.

Kodi pansi pamenepa mpotetezeka?

Inde. London yakhala ndi sitima zapansi panthaka kuyambira pa 10 Januwale 1863, ndipo anthu mamiliyoni amazikwera tsiku ndi tsiku. Malamulo ambiri a lero anabwera pambuyo pa moto wa pa King's Cross mu Novembala 1987, womwe unapha anthu 31. Masitepe oyenda okha amatabwa anachotsedwa, ndipo kusuta kunaletsedwa paliponse m'masiteshoni. Kumwa mowa m'sitima ndi m'mabasi kunaletsedwa mu 2008.

Choopsa chenicheni ndi njanji. Ili ndi magetsi amphamvu oti n'kupha munthu. Foni, nsapato ya mwana kapena chilichonse chikagwera pansipo, musatsike ngakhale sitima isakuoneka. Itanani wantchito, ali ndi chotolera. Imani kumbuyo kwa mzere wachikasu, mwana mumugwire dzanja, ndipo zitseko zikayamba kulira musaziponyere mkono. Sitima ina ili m'mbuyo pakangopita mphindi zochepa.

Akuba m'matumba amapezeka m'sitima zodzaza, makamaka m'tauni. Wina akakuvutitsani kapena kukugwirani mosayenera, tumizani uthenga wa pafoni ku 61016, nambala ya apolisi a za njanji, British Transport Police. Pangozi imbani 999. Pa pulatifomu pali kabokosi koyera kozungulira kokhala ndi mabatani olankhulira ndi antchito.

Ndimaweruka usiku kwambiri. Sitima yomaliza ndi ya nthawi yanji?

Masiku a ntchito sitima zimayamba kukamacha, cha m'ma 5 koloko kupita m'tsogolo, ndipo zomaliza zimachoka m'tauni pakati pa usiku patapitirira pang'ono. Lamlungu zimayamba mochedwa n'kutha msanga. Usiku wa Lachisanu ndi wa Loweruka zimayenda mpaka kucha, dongosolo lotchedwa Night Tube lomwe linayamba mu Ogasiti 2016, ndipo nthambi yathu ya ku Hainault ili momwemo. Zimabwera motalikirana, pafupifupi mphindi 20 zilizonse. Masiku enawo pali basi ya usiku N8, yochokera ku Oxford Circus kudzera ku Stratford ndi Leytonstone, yomwe imaima pa Gants Hill popita ku Hainault.

Anthu amandiyang'ana moipidwa pa masitepe. Ndikulakwa chiyani?

Mwina mukuima kumanzere. Pa masitepe oyenda okha, oima amaima kumanja, kumanzere n'kwa othamanga. Mukakhala awiri, imani wina kutsogolo wina kumbuyo. Sitima ikafika, yambani mwapatsa njira otsika. Chikwama chakumsana chivuleni m'sitima yodzaza. Khadi litulutseni musanafike pa geti.

Za moni musadandaule nazo. Anthu kuno amakhala phee m'sitima, aliyense maso pa foni kapena pa buku, ndipo kusakupatsani moni si chidani. Koma mukafunsa njira, ambiri amayankha mwaulemu. Mwambo wathu wopatsa mpando wamkulu, woyembekezera kapena wobereka mwana, umenewo musausiye. Kunonso ndi woyamikirika.

Mabasi a pa siteshoniyi amapita kuti?

Ambiri amatsika ndi Cranbrook Road kupita ku Ilford, monga 123, 128, 150, 167 ndi 179. Basi 66 imayenda pakati pa Leytonstone ndi Romford, 396 imapita ku chipatala cha King George, ndipo SL2 ndi yothamanga yoima malo ochepa, yolumikiza Walthamstow, Ilford ndi Barking. M'basi salandira ndalama zapamanja chiyambire 2014. Mumagunditsa khadi pokwera pokha, potsika ayi, ndipo mukasintha mabasi pasanathe ola limodzi mumalipira kamodzi.

Ndingalowe ndi njinga yakapalasa?

Yopinda yokha. Njinga wamba siloledwa m'zigawo za ngalande zakuya, ndipo Gants Hill ili m'gulu limenelo.

Ndaiwala chikwama m'sitima. Chapita?

Osati nthawi zonse. Uzani wantchito msanga, mutchule nthawi ndi kumene sitimayo imalowera. Chikapanda kupezeka tsiku lomwelo, lembani fomu ya katundu wotayika pa tsamba la TfL. Ngati munali pasipoti kapena makhadi a kubanki, musadikire yankho lawo, dziwitsani banki ndi ofesi ya kazembe nthawi yomweyo. Ofesi ya kazembe wa Malawi ili mu John Street ku Holborn, ndipo kuchokera pa Gants Hill ndi sitima imodzi osasintha: tsikirani pa Chancery Lane n'kuyenda pansi pang'ono.

Pafupi ndi siteshoni pali choti n'kuona?

Pali Valentines Park, mphindi zochepa mukatsika ndi Cranbrook Road. Ndi paki yaikulu yokhala ndi nyanja yaing'ono, mabwalo amasewera, malo osewerera ana ndi nyumba yakale ya Valentines Mansion yomangidwa cha m'ma 1696. Kwa banja lokhala m'kachipinda kopanda bwalo, pakiyi ndi mpumulo weniweni, ndipo kulowa n'kwaulere.

Kuzungulira raundabauti kuli malo odyera ambiri. Deralo kwa zaka zambiri linkadziwika ndi Ayuda, ndipo masunagoge alipobe, koma lero kwachuluka mabanja ochokera ku India, Pakistan, Bangladesh, Sri Lanka, kum'mawa kwa Ulaya ndi ku Africa. Ofuna ufa woyera, therere, chinangwa kapena nsomba zouma, masitolo a ku Ilford ndi kumene angayambire kufufuza. Okonda zomangamanga apitirire siteshoni imodzi kukaona chidenga chachikulu chopindika cha pa depoti ya mabasi ya Newbury Park, chomangidwa mu 1949.

Nanga tsiku limene sitima sizikuyenda nditani?

Zimachitika m'njira zitatu: kukonza njanji, komwe kawirikawiri kumakhala Loweruka ndi Lamlungu, sitalaka ya antchito, kapena vuto ladzidzidzi monga kuwonongeka kwa sitima. Ziwiri zoyambazo amalengezeratu masiku angapo zisanachitike, pa zikwangwani za pa mageti ndi pa pulogalamu ya pafoni ya TfL Go. Ngati muli ndi shifiti ya Lamlungu m'mawa, yang'ananiko Lachisanu.

Pokonza njanji nthawi zambiri amaika mabasi apadera oyenda m'malo mwa sitima, koma amachedwa. Kwa wokhala pa Gants Hill njira yodalirika ndi basi ya ku Ilford, kenako njanji ya Elizabeth, yomwe imakafika ku Stratford, Whitechapel, Liverpool Street, Tottenham Court Road ndi Paddington. Pa tsiku la sitalaka aliyense amaganiza chimodzimodzi, mabasi amadutsa atadzaza osaima, choncho nyamukani ola lathunthu nthawi yanu isanakwane ndipo abwana anu muwadziwitse dzulo lake.